Khoma la Ndege Zakufa

Ndege inagwa Loweruka masana. Pofika Lolemba m'mawa aliyense anali atam'dziwa kale wolakwa, kupatula Sajeni amene anapatsidwa mlanduwo.

"Si ndege yeniyeni ayi," anatero bwana wake, Insipekita, akum'kankhira fayilo ndi chala chimodzi. "Ndi zija amaulutsa ndi limoti. Koma usaiderere. Kutalika ngati chitseko, injini ya jeti, imamwa palafini, liwiro lake kuposa galimoto iliyonse pamsewu. Inagwera munthu wa panjinga kunja kwa mpanda wa bwalo la kalabu yawo. Ali kuchipatala, wapsa kwambiri. Wolakwa ali kale m'selo. Iwe ungolemba mwaukhondo basi."

"Anam'gwira ndani?"

"Anabwera naye eni ake ndegeyo, a Kaputeni. Ndi mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, amene amawatchajira mabatire."

"Zabwino. Masiku ano odandaula akumabwera ndi wolakwa wawo. Posachedwa azibweranso ndi chigamulo."

"Pakamwa pakopo, mtsikana iwe. A Kaputeni ndi munthu wolemekezeka."

Sajeni anasuzumira pawindo. Galimoto ya Insipekita inali pamthunzi, matayala ake onse atsopano, akuda bii. Ananyamula fayilo.

*

A Kaputeni ankagulitsa matayala. Ndege yeniyeni anakwerapo ngati wina aliyense, pampando wa kumbuyo, koma dzinalo anadzipatsa okha ndipo linakanirira. Anamulandira Sajeni m'galaja, atavala jekete lachikopa lodzaza timabaji. Galimoto ziwiri zinkagona panja padzuwa. Mkati, pamashelefu oyalidwa nsalu, munkagona ndege.

"Musakhudze phiko limenelo, mayi. Khalani apo. Ndikufotokozerani pang'onopang'ono, chifukwa ndi zovuta."

"Yesani. Mwina ndimva."

"Jeti imanyamula mabatire atatu. Limodzi ndi la injini, limayendetsa pampu ya mafuta. Awiri enawo ndi a risiva, kabokosi kamene kamamva zimene ndikulamula pa limoti n'kukhotetsa mapiko. Amakhala awiri kuti lina likafa, linzake ligwire. Ndi lamulo la kalabu, ndipo amene analilemba ndine."

"Onse awiri akafa?"

"Ndege imasanduka mwala. Ndikukhotetsa, siikhota. Ndikukweza, siikwera. N'zimene zinachitika. Ndipo pamene inagwera tinapezapo batire lotupa, lakale, lopanda moto n'komwe, limene ndinamuuza kalekale mnyamata ameneyo kuti akataye. Linzake linapsa, koma ndikukuuzani, nalonso linali chimodzimodzi. Anachita dala."

"Achitire dala chifukwa chiyani?"

"Ndinamuuza kuti mwezi ukatha asamuke. Munthu wa ndevu zake, digiri ali nayo, koma amadya zanga, amagona kuseri kwa nyumba yanga. Njoka ndinaiweta ndekha." Anavula magalasi, napukuta m'maso. "Ndegeyo ndinaimanga ndi manja angawa, mayi. Kachitsulo kalikonse."

"Munthu wapsa uja dzina lake mukulidziwa?"

"Munthu uti?"

Sajeni analemba yankholo mmene linalili, n'kudula mzere kunsi kwake.

Chitseko cha m'nyumba chinatseguka, ndipo mayi a pakhomopo analowa ndi thireyi ya tiyi. Zikhadabo zazitali zopaka zofiira, tsitsi logula, ndi chikwama chachikulu atachipana kukhwapa. Sajeni anawayang'ana kamodzi n'kuwamaliza. Munthu wonyamula chikwama m'nyumba yake yomwe, kuopa kuti alendo sachiona. Mlongo wawo akugona pasimenti, iwo ali kalikiliki ndi masupuni.

"Mayi, inu munalipo Loweruka?"

"Ndinali m'galimoto. Dzuwa linali..."

"Awa musawavutitse," analowerera a Kaputeni. "Za ndege sadziwa chilichonse. Ntchito yawo n'kundigwirira zinthu."

Mayiwo anaika thireyi pansi, supuni zikulira, natuluka.

*

Mlamuyo anali wowonda, magalasi ake omangidwa ndi ulusi. Anakhala pabenchi manja ali pakati pa maondo ngati wodikira jekeseni.

"Ndinatchaja atatu," anatero. "Onse anadzadza. Ndinawamanga timphira."

"Timphira ta chiyani?"

"Batire likadzadza timalimanga kamphira, kuti lisasokonezeke ndi lakutha. Lopanda kamphira silikwera ndege."

"Anawaika m'ndege ndani?"

"Alamu anga. Salola munthu kugwira m'mimba mwa ndege yawo. Ine anandituma kugolosale kukagula ayezi. Pobwera ndinangoona utsi wakuda kuseri kwa mpanda."

"Nanga batire lotupa lija?"

Anayang'ana pansi. "Linali m'buti ya galimoto, m'katoni ya zokataya."

"Munawauza apolisi zimenezo?"

"Sanandifunse."

"Inu pakamwa anakusokani?"

"Asisi, ine ndikatsutsana ndi alamu, mlongo wanga akagona kuti?"

"Ndine Sajeni, si asisi. Ndiye mwasankha kugona muno kuti iye azigona pamatiresi? Akudziwa kuti mwamugulira tulo?"

Sajeni anatseka fayilo mwamphamvu. Anthu ozunzika mwaulemu ankamutopetsa kuposa akuba. Wakuba amakupatsako bodza loti ugwirepo.

*

Kuchipinda chosungira umboni, Konsitabulo anakhuthulira patebulo timatumba titatu. Ndiye anali woyamba kufika pamalo a ngozi, ndipo anali atanena kale zimenezo kwa aliyense pasiteshoni, ngakhale wosesa.

"Madamu, njinga ija inapindika ngati waya woyanikira zovala. Udzu wonse phulusa. Ine mpaka nsapato zanga..."

"Nsapato zako tizilira mawa. Tsegula."

Mabatire awiri anali akuda, osungunuka m'mbali, mawaya awo odukaduka. Sajeni anawanunkhiza. Palafini ndi pulasitiki wopsa. Lachitatu linali lotupa ngati chule, koma lopanda bala. Phulusa linali kunsi kokha. Pulagi yake inali yathunthu, yoyera. Analinunkhiza kawiri. Linkanunkha katoni.

"Ndege yamenya pansi mpaka kupinda njinga, anzake apsa, koma ili latuluka ndi pulagi yake ngati latsika basi. Analipeza ndani?"

"A Kaputeni omwewo. Tikufika anatikodola, akuti bwerani muone umboni."

"Iwe n'kutola."

"Ndinatola, Madamu. Ndinanenanso zikomo."

Foni ya Sajeni inalira. Anali Insipekita, ndipo sanapereke moni.

"Wa panjinga uja wamwalira. Sintha mlandu, tsopano ndi wopha munthu. Mlamuyo akaonekere kukhoti mawa m'mawa."

"Bwana, batire ili..."

"Mawa m'mawa, Sajeni."

*

Bwalo la kalabu linali kunja kwa tauni: kamsewu kaphula kosalala kuposa msewu wopita kuchipatala, udzu wometedwa bwino, ndi kanyumba ka malata kumapeto. Linali Lolemba masana, anthu ali kuntchito, koma amuna awiri akuluakulu analipo. Wina anali atagwada pamphasa akupukuta jeti yachikasu ndi kansalu. Anadzitchula kuti ndi dokotala wa mano, ndipo ankalankhula mothamanga ngati woopa kuti wodwala atseka pakamwa.

"Utsi, mayi, utsi! Nkhani yonse ndi utsi. Ine yanga iyi imatulutsa utsi woyera, imalemba mizere kumwamba, anthu amaimirira. Kaputeni zinkamuwawa. Nsanje ya munthu ameneyo mutha kuphikira. Sabata yatha anandiuza pamaso pa anthu kuti Loweruka andiphunzitsa utsi. Ine kuseka. Ndinati uika pati thanki yake? M'mimba mwa ndege yako ndinaonamo, ngakhale chala sichilowa."

"Ndiye Loweruka utsi unatuluka?"

"Unatuluka! Ndisaname, unali wokongola. Anauyatsa ali pamwamba, mzere woyera mbee, azimayi m'manja phuphuphu. Kenako akuti akhote abwerere kuno, ndege osakhota. Inangopitirira, kutsika, kutsika, kudumpha mpanda, phuu!"

"Inasiya kumvera atangoyatsa utsi?"

"Pomwepo. Pampu ya utsi imadya moto, mayi, ndi chilombo. Ukailumikiza ku mabatire a risiva, bola akhale awiri, onse odzadza. Likakhala limodzi, ukangokhotetsa mwamphamvu moto umatsika, risiva imakomoka."

"Munaona akuika mabatire?"

"Ndani angaone? Amafunda thaulo pamwamba pa ndege ngati mayi woyamwitsa pagulu. Amati timubera nzeru. Nzeru zake ziti? Zopopa matayala?"

"Mukudziwa kuti wa panjinga uja wamwalira?"

Kansalu kanaima pang'ono. "Ayi, zachisoni." Kenako kanayambanso kuyenda. "Mpikisano wa mwezi wamawa ndiye kaya."

Mwamuna winayo anali ataima pakhomo pa kanyumba kaja, manja kumbuyo, tsitsi loyera, tayi pakhosi. Anali tcheyamani wa kalabuyo, ndipo mawu aliwonse ankawatulutsa ngati akutsegulira msonkhano.

"Takulandirani, mayi wapolisi. Kalabu yathu ndi ya mwambo. Lowani muone."

Mkati munali matebulo, matchaja, ndi firiji yaikulu. Khoma lonse la kumbuyo linali lodzaza zidutswa zokhomedwa ndi misomali: mapiko othyoka, michira, timatayala. Pamsomali uliwonse panalendewera timphira.

"Ili timalitcha khoma la maliro," anatero tcheyamani monyadira. "Ndege iliyonse imene inafera pabwalo pano ili apa. Mwambo wake ndi wotere. Woyendetsa akamaika batire m'ndege, amachotsa kamphira kake n'kukavala padzanja. Savula mpaka ndege itatera. Ikagwa, tcheyamani, ndiye kuti ine, amamuvula pamaso pa onse, n'kukoleka pano pamodzi ndi chidutswa. Tikatero timavula zipewa, kenako wogwetsayo amagula zakumwa."

"Loweruka munachita zimenezi?"

"Mwambo ndi mwambo."

"Munthu akupsa kuseri kwa mpanda?"

"Ambulansi inali itaitanidwa kale, mayi. Ife si madokotala." Anatsokomola. "Kupatula wa manoyo."

Sajeni anamuyang'ana mpaka mkuluyo anakonza tayi yake. Anaonapo zidakwa zikumenyana pamaliro, anaonapo mbala ikubera wovulala pangozi, koma amuna ovula zipewa kulira pulasitiki anali asanawaonepo. Anatembenukira kukhoma kuti pakamwa pake pasamulakwitse.

Anayenda pang'onopang'ono. Tindege ting'onoting'ono tinali ndi kamphira kamodzikamodzi. Pa zidutswa zikuluzikulu panali titatu. Apa titatu, apa titatu.

"Izi za titatu ndi majeti?"

"Eya. Mabatire atatu, timphira titatu. Mwagwira msanga."

Kumapeto kunali msomali watsopano, wonyezimira, ndi mchira wofiira wopserera m'mphepete. Sajeni anakweza timphira take ndi cholembera.

"Bambo tcheyamani, tavalani magalasi anu."

Mkuluyo anavala, nayandikira. Milomo yake inayenda. Anawerenganso.

"A Kaputeni munawavula nokha?"

"Ndekha. Anachokera kuseri kwa mpanda akulira, ananditambasulira dzanja, ine..."

"Kena kanagwa pansi? Kanaduka?"

"Ayi. Ndinavula zimene zinali padzanja." Mawu a msonkhano aja anali atatha. "Sindinawerenge, mayi. Tonse tinkayang'ana mchirawu."

Tiwiri. A Kaputeni anakumbukira kuthamangira kubuti, anakumbukira kuponya batire lakufa paphulusa, anakumbukira kukodola apolisi. Koma pamwambo wa zidole anatambasula dzanja moona mtima, ngati mwana wa ubatizo.

Sajeni anajambula khomalo, nazula msomali ndi zonse zinali pamenepo.

"Mayi, zimenezo sizichoka pakhoma!"

"Muvulenso zipewa."

*

A Kaputeni anamvetsera zonse atakhala pampando wawo wozungulira m'galaja muja, mwendo pamwamba pa unzake. Sajeni anaika timphira tiwiri tija patebulo. Mayi a pakhomopo anali ataima pakhomo ndi thireyi ina, chikwama chili pomwe paja.

"Thanki ya utsi inalibe malo," anatero Sajeni. "Munachotsa batire limodzi la risiva kuti ilowe, pampu yake n'kuilumikiza ku lotsalalo. Lamulo munalemba nokha, munaliphwanyanso nokha, kuti dokotala wa mano akuoneni. Ndege itagwa munakatenga batire lotupa m'buti kuti akwane atatu, ndiponso kuti papezeke wolakwa. Ndipo wa panjinga uja wamwalira lero."

A Kaputeni anatsitsa mwendo.

"Wamwalira? Ndiye kuti bwalo alitseka?"

"Dzina lake simunafunsebe."

"Tamverani, mayi." Anaseka, koma kuseka kwa m'mphuno. "Mwayenda tsiku lonse, mwabwera ndi mphira. Kamphira kamaduka. Kanaduka padzanja panga ndikuthamanga, ndani angatsutse? Mukaima pamaso pa woweruza ndi zomangira tsitsi? Mukuti ndinachotsa batire lodzadza. Lili kuti? Fufuzani galaja yonseyi, fufuzani galimoto, ndikupatsani makiyi." Anatulutsa foni. "Koma poyamba ndilankhule ndi bwana wanu. Zikuoneka kuti ntchito yakuchepera."

Sajeni ankadziwa kuti pamenepo anena zoona. Timphira tiwiri ndi pulagi yoyera zikanakwana kwa bwana wina, osati uyu wa matayala atsopano. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mawa m'mawa munthu wa magalasi a ulusi akaima m'bokosi, ndipo mmene anamuonera, akavomera mwaulemu.

Anaganiza za bwalo lija. Thaulo pamwamba pa ndege, mlamu atatumidwa kugolosale, anthu ali maso. Batire lodzadza m'manja, lokhala ndi kamphira, loti aliyense wa m'kalabu akaliona patebulo afunsa. Jekete lothina lija matumba ake anali okongoletsera chabe. Munthu wotero chinthu chom'sowetsa mtendere amachipereka kwa yani?

Anatembenukira kukhomo. Ulendo uno anayang'ana bwino. Chikwama sichinali choonetsa alendo. Chinali chopanidwa, chala chamanthu chili pazipi.

"Mayi, mlongo wanu akupita kukhoti mawa pa mlandu wopha munthu. Ndam'funsa chifukwa chake sakudziteteza. Akuti akatero inu mukagona kuti."

"Musawalankhule awo!" A Kaputeni anachotsa foni kukhutu. "Iwe, lowa m'nyumba."

Mayiwo sanalowe. Anaika thireyi pamwamba pa phiko lija loletsedwa kukhudza. Kenako anayenda mpaka patebulo, natsegula zipi. Anatulutsa mpango, galasi, botolo la mafuta odzola, kenako chinthu chokulungidwa m'kathaulo ka kumaso. Anachifunyulula.

Batire labuluu, latsopano. Pakati pake kamphira.

"Anabwera pawindo la galimoto ndege isananyamuke," anatero, akuyang'ana Sajeni. "Anati, 'Gwirako ichi, malo achepa.' Kuchokera tsiku limenelo sanandifunse. Ndikuganiza kuti anaiwala kuti anandipatsa. Amaiwala kuti ndili ndi maso."

"Mkazi iwe, wapenga? Ukudya za yani?"

"Ndakugwirirani zambiri, bambo. Majekete, mathaulo, pakamwa panga. Mlongo wanga ndiye sindikugwirirani."

Mufoni mawu a Insipekita ankamveka pang'ono, akuti halo, halo. Sajeni anaitenga m'dzanja la a Kaputeni.

"Bwana, ndi Sajeni. Batire lachitatu lapezeka, mboni zilipo, ndipo tcheyamani wa kalabu ndi wokonzeka kulumbira. Mukafuna, mlandu wa mawa mukauimire nokha." Anamvetsera. Insipekita anafunsa kuti a Kaputeni ake ati, chifukwa iye sawadziwa bwinobwino.

Sajeni anadula foni. Mayi aja anali akubwezera zinthu m'chikwama, chimodzichimodzi. Sajeni anafuna kunena kanthu za zikhadabo zija ndi mmene anawaweruzira m'mawa, koma kupepesa sikunali m'gulu la zimene ankazitha.

"Kamutengereni mlongo wanu malaya oyera," anatero. "Mukwera nafe."

Kenako anamasula unyolo m'lamba wake. A Kaputeni anali akuyang'ana tiyi amene anatayikira paphiko.

"Dzanja, a Kaputeni," anatero Sajeni. "Mwambo ndi mwambo."